Georg Ohm, Mphunzitsi Amene Akanapulumutsa Timababu Tanga

Anzanga, aphunzitsi oyang'anira bolodi lino anati teremu ino tilembe mbiri ya munthu wotchuka amene anamwalira kalekale. Ambiri mwasankha John Chilembwe, ena Inkosi Gomani, ena David Livingstone. Ine ndasankha Mjeremani wina amene sanapondepo ku Malawi kuno, ndipo dzina loti Bembeke sanalimvepo ngakhale kutulo. Dzina lake ndi Georg Simon Ohm. Musanayambe kunena kuti ndikudzionetsera, dikirani kaye ndikuuzeni mmene ndinamudziwira. Ndinamudziwira m'nyumba mwathu momwe, mu mdima, mukununkha pulasitiki wopserera.

Kwathu magetsi a mawaya sanafike. Tili ndi kasola kamodzi ndi batire ya 12 volts imene amalume anatisiyira popita ku Joni, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutchaja foni ya amayi. Kuwerenga usiku ndinkadalira koloboyi, koma mtengo wa parafini mukuudziwa nokha, komanso utsi wake umaluma m'maso. Ife oyendera tikaweruka timayenda mtunda, tikafika kunyumba ndiye kudimba, kutunga madzi, podzakhala pansi kunja kwada kale. Mu July, tikumaliza Fomu 1, ndinaona kuti chaka cha JCE chayandikira ndipo sindingachilowe ndi koloboyi. Ndinaganiza zopanga nyale yanga.

Ndinayenda m'mudzi monse kupempha matochi akufa, aja otchipa amene switchi yake imaonongeka msanga koma timababu take ta LED tili bwinobwino. Ndinazula timababu 9, n'kutilumikiza tonse mbali ndi mbali pa mawaya awiri a wailesi yakale, n'kukhomera pa kathabwa. Madzulo ndinaitana banja lonse kuti lidzaone nzeru zanga. Nditagunditsa waya pa batire, nyumba yonse inangoti mbee, mpaka ndinaona kangaude wa kudenga. Mlongo wanga anayamba kuwomba m'manja. Asanawombe kachitatu, kunangoti bii. Agogo anati tsiku lina ndidzaotcha nyumba yaudzuyi tonse tili momwemo. Amayi sanalankhule zambiri. Anangonyamula batire ija n'kukaiika kuchipinda kwawo, n'kunena kuti ndisadzaikhudzenso. Safunsa anadya phula, anthu inu.

Loweruka lotsatira tinapita kukagulitsa kachewere pamsika, ndipo ndinatenga kathabwa kanga kaja kukaonetsa bambo ena amene amakonza mafoni ndi mawailesi. Anakayang'ana, anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandifunsa kuti resistor ndinaiika pati. Ine kukamwa yasa. Anatsegula kabokosi n'kutulutsa kanthu konga njere ya mpunga, kokhala ndi timizere ta bulawuni, girini ndi bulawuni. Anati kameneko ndi ka 150 ohms, ndipo kakanakhalapo timababu tanga sitikanafa. Nditafunsa kuti ohms n'chiyani, anati ndi muyezo basi, ngati kilo ya feteleza, ndisawachedwetse ali ndi makasitomala. Lolemba ndinafunsa aphunzitsi a Physics. Iwo anati ohm ndi dzina la munthu, ndipo munthuyo anali mphunzitsi wa sekondale ngati iwo omwe. Anandibwereka buku, zina anandithandiza kufufuza pa foni yawo. Ndiye mbiri yake nayi.

Georg Ohm anabadwa pa 16 March 1789 m'tauni ya Erlangen, kumene lero ndi ku Germany. Bambo ake, a Johann Wolfgang Ohm, anali osula maloko ndi makiyi. Sukulu yapamwamba sanapiteko, koma ankadziphunzitsa okha masamu ndi sayansi powerenga mabuku. Mayi ake, a Maria Elizabeth Beck, anali mwana wa telala, ndipo anamwalira Georg ali ndi zaka 10. M'banjamo munabadwa ana 7 koma amene anakula ndi atatu okha: Georg, mng'ono wake Martin ndi mlongo wawo Elizabeth Barbara. Bamboyo akaweruka kosula ankakhala pansi ndi anyamata awiriwo n'kumawaphunzitsa masamu, Physics ndi Chemistry. Zimene anaphunzira kunyumba zinaposa zimene ankapeza kusukulu, moti Martin nayenso anadzakhala katswiri wa masamu ku Berlin.

Tsono musaganize kuti Georg anali mwana wangwiro, wongokhalira mabuku. Ayi ndithu. Mu 1805 analowa yunivesite ya Erlangen, ndipo atangolawa ufulu anayamba kuvina, kutsetsereka pa madzi oundana ndi kusewera billiards, masewera onga pool amene anyamata ena a sukulu ino amathawira maphunziro a masana. Sinditchula maina. Bambo ake anakwiya kwambiri poona mwana akuseweretsa mwayi umene iwo sanaupeze. Patangotha chaka ndi theka, Georg anasiya yunivesite, ndipo mu September 1806 anapita ku Switzerland kukaphunzitsa masamu pa sukulu ina ku Gottstadt. Anali ndi zaka 17 zokha. Tangoganizani, msinkhu wa anzathu a Fomu 4, koma ali kutsogolo ndi choko m'manja, m'dziko la eni.

Kumeneko ndi kumene nzeru zinabwerera. Masana ankaphunzitsa, nthawi yotsala ankawerenga payekha mabuku ovuta a akatswiri a masamu monga Euler, Laplace ndi Lacroix. Mu 1811 anabwerera ku Erlangen ndipo pa 25 October chaka chomwecho analandira digiri yapamwamba, ija timati PhD. Anayamba kuphunzitsa pa yunivesite pomwepo koma malipiro anali osakwanira kudya, ndiye mu 1813 anakayamba ntchito pa sukulu ina yosauka ku Bamberg. Sukuluyo inatsekedwa mu 1816, iye n'kusamutsidwira pa ina yodzaza mopitirira muyezo. Ife a ku CDSS zimenezi sitifunika kufotokozeredwa. Ali m'mavuto omwewo analemba buku la geometry pofuna kuonetsa akuluakulu kuti akhoza kuchita zambiri.

Mu 1817 anapeza malo ku Cologne, pa sukulu ya sekondale imene kale inkayendetsedwa ndi ansembe a chipani cha Jesuit. Sukulu imeneyi inali ndi labotale yabwino. Patapita zaka zitatu, mu 1820, Hans Christian Oersted wa ku Denmark anatulukira kuti magetsi akamayenda mu waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imatembenuka. Kwa Ohm imeneyi inali nkhani yaikulu, chifukwa tsopano panali njira yoyezera chinthu chosaoneka ndi maso: singano ikatembenuka kwambiri ndiye kuti magetsi akuyenda ambiri. Nthawi imeneyo anthu ankadziwa kupanga mabatire, chifukwa Alessandro Volta anali atapanga yoyamba mu 1800, koma panalibe lamulo lodziwika louza munthu kuchuluka kwa magetsi amene ayende mu waya wakutiwakuti. Ankangolumikiza n'kuona chimene chichitike. Ndikanakhalako nthawi imeneyo bwenzi ndili katswiri.

Ohm anayamba kuyeza, ndipo luso la kosula kwa bambo ake linamuthandiza pokonza mawaya ndi zipangizo ndi manja ake. Koma panali vuto. Mabatire a nthawi imeneyo sankakhazikika. Ukangolumikiza mphamvu imakwera, pakapita kanthawi yatsika, ukabweranso yasintha. Zotsatira zoyamba zimene anafalitsa mu 1825 zinali ndi masamu olakwika. Mkonzi wa magazini ya sayansi, Johann Poggendorff, anamulangiza kuti asiye batire, agwiritse ntchito zimene Thomas Seebeck anali atangotulukira: ukalumikiza zitsulo ziwiri zosiyana, mfundo imodzi n'kuitenthetsa ina ili yozizira, magetsi amayenda. Ohm anatenga kopa ndi chitsulo chotchedwa bismuth. Mfundo imodzi anaiika pa kutentha kwa madzi owira, ina pa ayezi wosungunuka. Madzi owira ndi ayezi wosungunuka sizisinthasintha kutentha, choncho mphamvu yokankha magetsi inakhazikika. Kenako, kumayambiriro kwa 1826, anatenga mawaya 8 a kopa onenepa mofanana koma otalika mosiyana, kuyambira waufupi ngati chala mpaka wa mamita angapo. Ankalumikiza mmodzimmodzi, n'kumalemba mmene singano yatembenukira.

Manambalawo anamuonetsa chinthu chimene lero tikuchiloweza pokonzekera mayeso. Kwa amene mumagona nthawi ya Physics, taganizirani paipi imene timakokera madzi kuchokera kumtunda kupita kudimba la kachewere nthawi ya chilimwe. Kutsetsereka kwa malo ndi kumene kumakankha madzi, imeneyo ndiye voltage. Kuchuluka kwa madzi amene akudutsa ndiye current. Paipi ikakhala yaing'ono kapena yaitali kwambiri madzi amavutika kudutsa, kumeneko ndiye resistance. Ohm anapeza kuti ukachulukitsa kukankha kawiri, current imachulukanso kawiri, ndipo ukachulukitsa resistance ya njira yonse kawiri, current imatsika kufika theka. Mwachidule, I = V ÷ R. Anaonanso kuti chopangira magetsicho pachokha chili ndi resistance yake m'kati, ndipo iyenera kuwerengedwa. Maganizo ena anawatenga kwa Joseph Fourier wa ku France, amene mu 1822 anafotokoza ndi masamu mmene kutentha kumayendera m'zinthu.

Mu 1826 anapempha tchuthi cha chaka chimodzi, akulandira theka la malipiro, n'kupita ku Berlin kumene kunkakhala Martin. Kumeneko anamaliza buku lake lotchuka, Die galvanische Kette, mathematisch bearbeitet, limene linatuluka mu 1827. Mutuwo ukunena za kufotokoza njira ya magetsi pogwiritsa ntchito masamu. Iye ankayembekezera kuti bukulo limupezetsa ntchito pa yunivesite. Zinavuta. Akatswiri ambiri a Physics ku Germany nthawi imeneyo sankakonda kuona masamu ochuluka m'nkhani za magetsi, ndipo ena ankakhulupirira kuti chilengedwe chimamveka poganiza mozama, osati poyeza mawaya. Mmodzi wa iwo, Georg Pohl, analemba zonyoza bukulo poyera. Ohm anakhumudwa, anasiya ntchito ya ku Cologne, n'kukhala ku Berlin akuphunzitsa masamu mwaganyu pa sukulu za asilikali, malipiro ake ochepa. Munthu wa zaka 40, amene wapeza lamulo limene dziko lonse likugwiritsa ntchito lero, anali kukhalira maganyu. Apa pondiwawa ndi pamenepa.

Koma manambala oyezedwa bwino sabisika mpaka kalekale. Aliyense wokhala ndi waya ndi singano akanatha kubwereza n'kuona yekha. Gustav Fechner anayeza n'kupeza kuti Ohm ananena zoona, ndipo ku France nayenso Claude Pouillet anafika pa yankho lomwelo. Mu 1833 Ohm anapatsidwa ntchito pa sukulu ya zaumisiri ku Nuremberg, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa sukuluyo. Mu 1841 bungwe la Royal Society ku London linamupatsa mendulo ya Copley, ulemu waukulu kwambiri wa bungwelo. Akunja atamuyamikira, akwawo nawo anadzidzimuka. Mu 1849 anaitanidwa ku Munich, ndipo mu 1852 anakhala pulofesa wa Physics pa yunivesite ya kumeneko, ntchito imene anaifuna moyo wake wonse. Anaigwira zaka ziwiri zokha. Anamwalira pa 6 July 1854 ali ndi zaka 65, ndipo sanakwatirepo. Mu 1881 msonkhano wa akatswiri a zamagetsi ku Paris unavomereza kuti muyezo wa resistance uzitchedwa ohm.

Tsopano tibwerere ku timababu tanga. Ohm sanaonepo LED. Yofiira yoyamba inapangidwa ndi Nick Holonyak ku America mu 1962, patapita zaka 108 Ohm atamwalira. Yabuluu inadzatheka ku Japan, ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha iyo. Timababu toyera ta m'matochi athu ndi tabuluu timene anatipaka mankhwala achikasu m'kati. Chodabwitsa n'chakuti LED payokha simvera lamulo la Ohm ngati mmene waya umamverera. Kababu koyera kamafuna pafupifupi 3 volts. Ukakapatsa zochepera, sikayaka. Ukapitirira pang'ono chabe, current imalumpha kwambiri, kababu kamatentha, ndipo kakatentha kamalola current yochulukirapo mpaka kufa. Kali ngati mbuzi imene yalowa m'nkhokwe, sikadziwa kukhuta. Ine ndinakapatsa 12 volts. N'chifukwa chake pafunika china chomvera lamulo la Ohm choti chiime pakhomo. Mukafunsa kuti nanga nyale za m'midzi zija zolumikiza pa mabatire a tochi otha bwanji sizipsa, yankho ndi resistance ya m'kati ija imene Ohm anaiona: batire yotopa imadziletsa yokha. Batire ya sola ilibe chifundo chotero.

Nawa masamu amene aphunzitsi anandiuza kuti ndichite ndekha. Kababu kakang'ono kotere kamakhala bwino ndi current yosapitirira 20 milliamps, kapena kuti 0.02 amps. M'malo molumikiza mbali ndi mbali, ulumikize titatu mondondozana ngati mikanda, mwendo wa minus wa koyamba ku mwendo wa plus wa kachiwiri. Ngati miyendo inadulidwa kale, yang'ana mbali imene kababu kaphwatalala, imeneyo ndi minus. Titatu timadya 3 + 3 + 3, ndiye 9 volts. Pa 12 patsala 3 volts, ndipo imeneyi ndi imene resistor iyenera kunyamula. R = V ÷ I, ndiye 3 ÷ 0.02 = 150 ohms. Nditaona 150 akutuluka pa pepala langa, nambala yomwe ija ya kanjere ka bambo a pamsika, ndinakuwa m'kalasi mpaka anzanga anacheuka. Ngati uli ndi timababu 9, upange mizere itatu, ndipo mzere uliwonse ukhale ndi resistor yakeyake. Ukaika imodzi ya onse, mzere umene watentha kwambiri umalanda current ya inzake n'kufa, kenako yotsalayo imalandira katundu wochuluka n'kutsatira.

Ndinkaganiza kuti ndamaliza, koma aphunzitsi anandibwereka mita yoyezera n'kunena kuti ndikayeze batire nthawi zosiyana. Amayi analola, koma iwo ataimirira pomwepo. Masana sola ikutchaja, mita inaonetsa pafupifupi 14. Itagwira ntchito usiku inatsika kufupi ndi 12. Eti vuto lomwe lija la Ohm, batire yosakhazikika, landipeza ku Bembeke kuno. Pa 14 volts resistor imatsala ndi 5, ndipo 5 ÷ 150 ndi 33 milliamps, zimene zingafupikitse moyo wa timababu. Ndiye ndinasankha 220 ohms, ya timizere tofiira tiwiri ndi ka bulawuni, ndipo ndinazipeza zitatu m'mawailesi akufa. Pa 14 volts imapereka 23 milliamps, pa 12 imapereka pafupifupi 14. Kuwala kwachepako, koma palibe chakufa. Akatswiri amapita patsogolo: amaika kachipangizo kotchedwa driver, kamene kamayang'anira current yeniyeniyo osati voltage. Njira yosavuta ndi ya LM317, kanthu ka miyendo itatu kamene kamasunga 1.25 volts pa resistor imene wakapatsa. Ukaika ya 62 ohms, 1.25 ÷ 62 ndi 20 milliamps, ndipo imakhala yomweyo batire ikakwera, bola pakhale pafupifupi 3 volts yotsalira pamwamba pa ya timababu. Taonani, ngakhale m'kati mwa driver akugwira ntchito ndi Ohm yemweyo. Kameneka ndikusungira ndalama za ganyu.

Kuti amayi abweze batire sizinali zophweka. Ndinawaonetsa pepala la masamu, iwo anati pepala siliyatsa nyumba ndipo silizimitsanso moto. Anati ndiyatsire panja, pabwalo, kutali ndi udzu, ndipo nyaleyo ikayaka kuyambira nthawi yophika nsima mpaka yokagona osanunkha, tidzakambirana. Ndinakhala pa mphepo ya kuno ndi juzi ziwiri, ndikugwiragwira timababu kuti ndimve ngati tikutentha. Sitinatenthe. Pano nyaleyo yakhala ikuyaka usiku uliwonse kuyambira September. Ine ndimawerenga mbali ino, amayi amasankha nyemba mbali inayo, ndipo agogo aja ankati ndiotcha nyumba ndi amene amayamba kufunsa kuti bwanji lero simukuyatsa.

Chimene ndatolapo pa moyo wa Ohm n'chakuti iyenso anayamba ndi kulakwitsa, ndipo sanabise. Anafufuza chimene chinamusokoneza, anachikonza, n'kuyezanso. Ine ndinataya timababu 9 chifukwa ndinalumikiza ndisanawerengere. Amene mukufuna kupanga nyale yanu, bweretsani matochi akufa ndi mawailesi otayidwa ku kalabu ya sayansi Lachitatu masana, ndibweretsa kathabwa kanga kuti muone. Koma chonde, zonse ndanenazi ndi za batire ya 12 volts basi. Magetsi a pakhoma aja a 230 volts amapha, musawayese n'komwe. Ngakhale batire yomweyi, mawaya a plus ndi minus akagundana amatentha mpaka kuyatsa moto, ndiye muike fyuzi pafupi ndi batire. Ndipo wina asang'ambe pepala lachiwirili kukakulungira mandasi ngati munachitira ndi nkhani ya mnzathu teremu yatha, masamu onse ali pamenepo.

Ndine mnzanu wa mu Fomu 2.